KODI WOPHUNZIRA ANGAWERUZE MPHUNZITSI WAKE?

Munthu wochokera ku Lilongwe potsata msewu wa ku Salima, akapitirira pa Chezi, afika pa malo otchedwa Mvera. Dzinali ndi la phiri ndiponso la dera lonse lozungulira, koma m'khutu la Mchewa limveka ngati lamulo. Pamenepa ndi pomwe amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, adakhazika mishoni yawo m'chaka cha 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Ndipo asanasamutsire likulu lawo ku Nkhoma, adaphunzitsa pomwepa aphunzitsi amene adamwazikana m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Kuyambira masiku amenewo kufikira lero, m'sukulu za abale athu a CCAP ndi m'sukulu zathu za Katolika chimodzimodzi, mawu oyamba amene mwana aphunzira ndi omwewo: mvera makolo, mvera aphunzitsi, mvera akulu. Ndi mawu abwino, ndipo lamulo lachinayi la Mulungu liwachitira umboni. Koma lero, abale anga, ndifuna kuti tiganize za mbali inayo. Mwana amvera mphunzitsi. Nanga mawu a mwanayo awamva ndani?

Funsoli ladza chifukwa cha mwambo umene wakhazikika m'mayunivesite ambiri a dziko lapansi. Pakutha pa chigawo cha maphunziro, ophunzira apatsidwa pepala losalembapo dzina, kuti anenepo mmene mphunzitsi wawo wagwirira ntchito: ngati afika pa nthawi yake, ngati afotokoza zomveka, ngati ayankha mafunso mwaulemu, ngati achonga mayeso mwachilungamo. Zolembedwazo zipita kwa akuluakulu a sukuluyo, ndipo m'maiko ena ziwerengedwa pamodzi ndi mabuku amene mphunzitsiyo walemba, pamene afuna kukwezedwa pa ntchito. Akulu ambiri kwathu kuno akamva zimenezi apukusa mutu. Ati: "Dziko latembenuka. Munthu amene wadza ku sukulu chifukwa sadziwa, angayese bwanji munthu wodziwa? Kodi mwanapiye aphunzitsa make kufukula?" Mawu amenewa si opusa ayi, ndipo tiwayankha bwinobwino. Koma poyamba timve mbiri ya mphunzitsi mmodzi wa pa yunivesite, amene dziko lidamutamanda zaka zambiri pamene ana okhala m'manja mwake sadafunsidwe kanthu.

Pulofesa wotchuka ndi ana osalankhula

M'chaka cha 1943 dokotala wa pa chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore ku America, dzina lake Leo Kanner, adalemba za ana 11 amene adafanana m'njira yodabwitsa. Matupi awo adali athanzi, makutu awo adali akumva, koma munthu akawaitana sadali kucheuka. Ena sadalankhule konse. Ena adangobwereza mawu amene amva, monga phanga libweza mawu a munthu wofuula. Sadasamale zosewera ndi anzawo, koma adatha kukhala nthawi yaitali akuzunguza chinthu chimodzi kapena kundandalika zinthu pamzere, ndipo wina akasuntha kanthu pamalo pake adali kulira kosatonthozeka. Ena mwa iwo adali ndi mphatso yosunga zinthu pamtima yoposa ya akulu. Mkhalidwe umenewu ndiwo utchedwa autism. M'Chichewa ulibe dzina lakelake. Mayina amene tiwapatsa ana otere, monga wozerezeka, wopepera kapena chitsiru, ndi mayina onyoza, ndipo safotokoza kanthu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidanena m'chaka cha 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Ngati ndi choncho, palibe parishi imene ilibe ana otere.

Makolo a ana amenewa adafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo munthu amene adawayankha ndi mawu okweza koposa onse adali Bruno Bettelheim. Iye adabadwira ku Vienna m'chaka cha 1903. Pokhala Myuda, adamangidwa ndi a Nazi m'chaka cha 1938 naponyedwa m'ndende zoopsa za Dachau ndi Buchenwald. Atamasulidwa m'chaka cha 1939 adathawira ku America. Kuyambira 1944 mpaka 1973 adali mkulu wa sukulu yogonera komweko ya ana ovutika maganizo, yotchedwa Orthogenic School, ya pa yunivesite ya Chicago. Ndipo pa yunivesite yomweyo adali pulofesa wa saikoloje, ndiko kuti maphunziro a maganizo ndi makhalidwe a munthu. M'chaka cha 1967 adatulutsa buku lotchedwa The Empty Fortress, limene dzina lake lifanizira mwana wa autism ndi linga lopanda munthu m'kati. M'bukumo adaphunzitsa kuti mwana adzitsekera m'lingamo chifukwa azindikira kuti makolo ake, makamaka make, pansi pa mtima safuna kuti iye akhale ndi moyo. Adafanizira ana otere ndi akaidi a m'ndende zija adakhalamo iye, ndipo makolo adawaika m'malo mwa alonda. Mankhwala ake, adatero, ndi kumchotsa mwana kwa make. Ndipo adalengeza kuti ana ambiri a pa sukulu yake adachira.

Taganizani za mayi amene wachezera usiku zaka zisanu ndi mwana wosagona, wosalankhula, wokana chakudya chilichonse kupatula chimodzi. Apita kwa anthu ophunzira kukafuna thandizo, ndipo amuuza kuti amene wadwalitsa mwanayo ndi iye mwini, chifukwa cha kuzizira kwa mtima wake. Sangatsutse, pakuti wonenayo ndi pulofesa, aoneka pa wailesi yakanema, ndipo mabuku ake agulidwa m'maiko ambiri. Amayi ochuluka adasenza mlandu umenewu zaka zambiri, nadzizunza mumtima pa tchimo limene sadachite.

Choona chidatuluka pang'onopang'ono. Bernard Rimland, katswiri wa saikoloje amene mwana wake wamwamuna adali ndi autism, adalemba buku m'chaka cha 1964 losonyeza kuti gwero la mkhalidwewu lili m'kapangidwe ka ubongo, osati m'kaleredwe. M'chaka cha 1969 Leo Kanner mwini wake, amene poyamba nayenso adanenapo za kuzizira kwa makolo, adaimirira pa msonkhano wa makolo nawauza poyera kuti alibe mlandu. M'chaka cha 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter ku London adafufuza mapasa awiriawiri 21, napeza kuti pa mapasa ofanana ndendende, mmodzi akakhala ndi autism, kawirikawiri mnzakenso akhala nayo kapena akhala ndi vuto lina la kulankhula ndi kuphunzira, pamene pa mapasa osafanana sizitero kwenikweni. Chimenechi chidasonyeza kuti chibadwa chili ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi, monga chili nalo pa msinkhu kapena pa khungu la munthu, zimene palibe aziyesa tchimo. Lero akatswiri agwirizana kuti kaleredwe ka mayi sikabweretsa autism, ndiponso kuti katemera saibweretsa.

Bettelheim adamwalira m'chaka cha 1990. Patangopita miyezi yowerengeka, ena mwa amene adali ana pa sukulu yake, tsopano ali akuluakulu, adayamba kulemba makalata ku manyuzipepala. Adati mphunzitsi amene m'mabuku ake adaletsa kumenya ana adali kuwamenya makofi, kuwakoka tsitsi ndi kuwachititsa manyazi pamaso pa anzawo, ndipo iwo adakhala ndi mantha usana ndi usiku. M'chaka cha 1997 mtolankhani Richard Pollak, amene mng'ono wake adakhalako pa sukuluyo, adatulutsa mbiri ya moyo wa Bettelheim atafufuza zaka zingapo. Adapeza kuti digiri yake yaikulu idali ya filosofi, kuti asanamangidwe ntchito yake idali yoyendetsa malonda a matabwa a banja lawo, kuti zambiri zimene adanena za maphunziro ake zidali zokokomeza, ndiponso kuti kuchira kwa ana kuja kudalibe umboni umene munthu wina akadatha kuuyesa. Pofuna chilungamo tiyenera kunenanso kuti alipo ena mwa ana ndi antchito a pa sukuluyo amene adamuikira kumbuyo nati adawathandiza. Ndipo masautso amene iye adaona m'ndende adali enieni. Woweruza mtima wake ndi Mulungu. Ife tingoona chimene chili poyera: zaka pafupifupi 30 ana adali kudziwa chinthu chimene yunivesite, manyuzipepala ndi owerenga mabuku sadachidziwe, ndipo padalibe khomo limene mawu awo akadatulukira. Akadalankhula, akadauzidwa kuti ndi odwala maganizo, zonena zawo zilibe mutu.

Kuwomba m'manja si umboni

Tsono kodi tinene kuti wophunzira ndiye woweruza wa mphunzitsi wake? Tisafulumire. Ku yunivesite ya Southern California akatswiri atatu adachita chiyeso chimene zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 1973. Adatenga munthu wochita zisudzo, namupatsa dzina lakuti Dr. Myron Fox ndi mbiri yabodza ya maphunziro, namuloweza nkhani yopanda mutu, yodzaza ndi mawu akuluakulu otsutsana okhaokha. Iye adaikamba molimba mtima, ndi nthabwala ndi nkhope yosekerera, pamaso pa madokotala, akatswiri a saikoloje ndi aphunzitsi. Atafunsidwa pa pepala, ambiri mwa omverawo adamuyamikira kuti wafotokoza bwino ndipo wawatsegula maganizo. Ngati anthu ophunzira chotere adanyengedwa ndi kukoma kwa pakamwa, nanga mwana wa zaka 10?

Tidziwa tonse kuti ana akonda mphunzitsi wowawerutsa msanga ndi wosapereka ntchito yambiri. Koma mphunzitsi amene adatikhwimitsira malamulo timuthokoza tili ndi imvi. Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndiponso pepala lopanda dzina litha kukhala chida m'manja mwa munthu wamangawa amene walephera mayeso. Ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama ndi miseche, limanga wophunzira monga limanga mphunzitsi. Onaninso kuti Bettelheim sadasowe omuwombera m'manja. Amene adamva nkhani zake ndi kuwerenga mabuku ake adachita naye chidwi ndithu, ndipo chidwi chawocho ndicho chidamukweza mpaka palibe amene adalimba mtima kusuzumira m'kati mwa sukulu yake. Choncho akulu aja opukusa mutu ali ndi mfundo: kuchuluka kwa oyamikira sikusonyeza kuti mphunzitsi aphunzitsa zoona, ndipo kuchuluka kwa odandaula sikusonyeza kuti ndi woipa.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa bwalo la mfumu pakhala anthu awiri a ntchito zosiyana: wogamula mlandu ndi mboni. Mboni sifunika kudziwa malamulo onse a dziko; ifunika kunena chimene idaona ndi maso ake. Mwana woweta mbuzi sangagamule mlandu wa malire a munda. Koma ngati ndiye adaona munthu amene adazula chikhomo, mfumu yanzeru imuitana ndi kumumva, ngakhale ali wamng'ono. Momwemonso wophunzira sangathe kugamula ngati chiphunzitso cha mphunzitsi wake chili choona; zimenezo aziyesa ndi anzake odziwa ntchitoyo, monga Rimland, Folstein ndi Rutter adayesera chiphunzitso choimba mlandu amayi nachipeza chopanda maziko. Koma pali zinthu zimene wophunzira yekha ndiye azidziwa: ngati adamva phunziro kapena sadamve, ngati adaopa kufunsa, ngati adanyozedwa, ngati adamenyedwa chitseko chili chotseka. Pa zimenezi mboni ndi iye, ndipo digiri ya mphunzitsi singafafanize umboni wake. Kulakwa kwa masiku ano ndi kusandutsa mboni kukhala woweruza, ngati kuti maphunziro ndi malonda a pa msika ndipo wophunzira ndi wogula. Kulakwa kwathu kwakale, kumene kukadali pakati pathu, ndi kukana kuitana mboniyo.

Ndipo tiwonjezepo ichi: pamene wophunzira ali wofooka, mpamenenso udindo womumva ukula. Mnyamata wa pa yunivesite akazunzidwa ali ndi pakamwa, ali ndi anzake, atha kulemba kalata kapena kusamukira kwina. Koma mwana wamng'ono, mwana wamasiye, mwana wodwala maganizo alibe kothawira. Moyo wake wonse uli m'manja mwa womusamalayo. Mphamvu yotere pa munthu mnzako ndi yoopsa ngakhale kwa munthu wabwino, pakuti tonse tidabadwa ndi mtima wopendekera ku zoipa. Ndipo amene palibe womufunsa ayamba pang'onopang'ono kukhulupirira kuti salakwa.

Eklezia adaganizapo za zimenezi kalekale. Cha m'chaka cha 389 Augustine Woyera adalemba kabuku konena za mphunzitsi, kamene ndi kukambirana kwa iye ndi mwana wake Adeodatus, mnyamata wa zaka ngati 16. M'kabukuko munthu wanzeru zotere afunsa mnyamata, amva mayankho ake, alola kutsutsidwa. Ndipo pomaliza afika pa mfundo yakuti mawu a mphunzitsi wa pansi pano angokumbutsa ndi kuloza, koma woonetsa choona m'kati mwa mtima ndi Khristu yekha. Ngati ndi choncho, mphunzitsi ndi wophunzira akhala pa benchi limodzi pamaso pa Mphunzitsi mmodzi. Wamkuluyo adayamba kale sukulu, koma sadamalize. Kalata ya Yakobe Woyera ichenjeza kuti ife ophunzitsa tidzaweruzidwa kolimba koposa ena. Munthu wokhulupirira zimenezi sangaope kumva lero, kuchokera kwa wamng'ono, chimene adzachimva ndithu pa tsiku lomaliza. Ndipo malamulo a Eklezia a m'chaka cha 1983, pa nambala 212, anena kuti akhristu ali ndi ufulu wouza abusa awo zosowa zawo, ndiponso maganizo awo pa zokhudza ubwino wa Eklezia, akatero mwaulemu ndi mwachoona. Kulankhula kotere si kupanduka. Kumvera kwachikhristu sikudatanthauzepo kubisa choipa.

Kuti tisaganize kuti aphunzitsi onse a maphunziro amenewa adali ngati Bettelheim, timve za wina. Uta Frith adabadwira ku Germany m'chaka cha 1941, nadza ku London kudzaphunzira saikoloje, ndipo adafufuza za autism zaka zoposa 40, nakhala pulofesa pa University College London. M'chaka cha 1985 iye, pamodzi ndi Alan Leslie ndi wophunzira wake Simon Baron-Cohen, adasonyeza ndi kasewero ka zidole ziwiri kuti ana ambiri a autism avutika kulingalira zimene zili m'maganizo a munthu wina. Adalemba njira yonse poyera kuti aliyense ayesenso yekha. Ndipo ambiri adayesadi, ena navomereza, ena natsutsa. Pakati pa otsutsawo pali anthu a autism eni ake, amene ati vutoli lili mbali zonse ziwiri, pakuti nafenso tilephera kumvetsa maganizo awo. Wophunzira wake wina, Francesca Happé, naye adakhala pulofesa, ndipo m'chaka cha 2006 awiriwa adalemba pamodzi kukonza chimene Frith adaphunzitsa kale: chizolowezi cha anthu a autism choyang'anitsitsa tinthu ting'onoting'ono, chimene poyamba chidayesedwa chilema, tsopano adachiona ngati kaganizidwe kena kokhala ndi mphamvu zake. Sindinena kuti zonse zimene Frith adaphunzitsa ndi zoona. Ndinena kuti khomo lake lidali lotsegula, kotero kuti pamene adaphonya, wophunzira wake adatha kumuthandiza kukonza iye akadali pa ntchito.

Mwana wa kumapeto kwa benchi

Tsopano tibwerere ku mapiri a kwathu. Katekisi aliyense amene wakhalitsa pa ntchito, kaya ku Chezi, ku Nambuma kapena ku Mpherere, adamuonapo mwana uja: akhala payekha kumapeto kwa benchi, agwedeza thupi uku ndi uku, atseka makutu ng'oma za kwaya zikayamba kulira, ndipo ukamufunsa funso la katekisimu angobwereza funsolo. Kawirikawiri tichedwa kumuzindikira, chifukwa kwathu kuno mwana wosayang'ana wamkulu m'maso ndi wosalankhulalankhula timuyesa waulemu. Tikamuzindikira, tichita zomwe Bettelheim adachita, ngakhale sitidawerenge buku lake: tifuna wolakwa. Wina ati make adaswa mwambo ali ndi pakati. Wina ati atate ake adakhwimira mwanayo kuti malonda ayende. Wina aloza agogo osauka a kumapeto kwa mudzi. Banja litha, mwamuna athawa, mwana atsekeredwa m'nyumba kapena amangidwa chingwe kuti anthu asamuone. Koma pamene ophunzira a Ambuye adafunsa za munthu wobadwa wakhungu, ngati adachimwa ndi iye kapena makolo ake, Ambuye adakana zonse ziwiri. Mkhristu woloza chala mayi wa mwana wotere atsutsana ndi akatswiri, ndipo atsutsananso ndi Mthenga Wabwino.

Mwana ameneyu ndiye wophunzira amene umboni wake uvuta koposa kuumva, pakuti sadzalemba pepala, ndipo kapena sadzalankhula. Komabe achitira umboni. Ngati alira m'mawa uliwonse wa tsiku la kalasi, wanena kanthu. Ngati abisala akaona ndodo ili pa tebulo, wanena kanthu. Ngati tsiku lina adza yekha nakhala pafupi ndi katekisi, nayamba kuwerenga mikanda ya kolona yake, wanenanso kanthu. Kumva mawu otere kufuna kudekha, monga kuona maso a nkhono. Ndipo womasulira wake alipo, ndiye make, yemwe uja tidamuimba mlandu. Iye adziwa chimene chimuopsa mwanayo, chimene chimukhazika mtima pansi, ndi nyimbo imene aikonda. Katekisi wopita kukakhala pa khonde la mayi ameneyu nafunsa kuti, "Mayi, ndithandizeni kumudziwa mwana wanuyu, kodi ndikulakwitsa pati?" sadzichepsa pamaso pa mudzi ayi. Achita chimene pulofesa wa ku Chicago, ndi nzeru zake zonse, adalephera kuchita.

Eklezia sadasiye nkhaniyi ku kukoma mtima kwa munthu aliyense payekha. Malamulo aja a 1983, pa nambala 777, alamula Bambo Mfumu kuonetsetsa kuti olumala m'thupi kapena m'maganizo aphunzitsidwa katekisimu monga momwe angathere. Ndipo kale m'chaka cha 1910 Papa Pius X Woyera adalamula kuti mwana asakanizidwe Ukaristia chifukwa chakuti sadaloweze katekisimu yonse. Chofunika ndi kuti adziwe zoona zikuluzikulu za chipulumutso monga mwa nzeru zake, ndi kusiyanitsa Mkate wa Ukaristia ndi mkate wamba. Mwana wosalankhula atha kusonyeza kusiyanitsa kumeneku ndi manja ake, ndi kugwada kwake, ndi bata lake. Ndipo wansembe agamula atamva makolo ndi katekisi. Choncho, abale akatekisi, mwana wotere akalephera mayeso a pakamwa chaka ndi chaka, tidzifunse ngati wolepherayo ndi iye kapena ndi mayeso athu.

Amene afuna thandizo la akatswiri ayambire pa chipatala chapafupi, ndipo adziwe kuti koleji ya Montfort ku Nguludi iphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chisamaliro chapadera, ndiponso kuti abulazala a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe agwira ntchito pakati pa ovutika maganizo. Autism ilibe mankhwala oichotsa, ndipo wolonjeza kuichiritsa ndi zitsamba angodya ndalama za mayi wosauka. Koma mwana akayamba kuthandizidwa msanga, aphunzira zambiri. Woyamba mwa ana 11 aja a Kanner, Donald Triplett, adakulira m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi pakati pa anthu omulandira monga wawo. Adamaliza koleji, adagwira ntchito ku banki zaka zambiri, namwalira m'chaka cha 2023 ali ndi zaka 89. Si mwana aliyense adzafika pamenepo. Koma palibe amene adzafikapo ali womangidwa chingwe kuseri kwa nyumba.

Nanga tichite chiyani? Sindipempha kuti tigawe mapepala m'matchalitchi a m'midzi monga achitira ku yunivesite. Ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, katekisi ndi mphunzitsi, pakutha pa chaka, afunse ana chimene sadamve ndi chimene chidawaopsa, ndipo asasunge mangawa ndi woyankha zoona. Chachiwiri, Bambo Mfumu ndi bungwe la tchalitchi asankhe munthu wodziwika kwa onse, makamaka mayi wachikulire wokhulupirika, amene mwana kapena kholo angamufikire popanda mantha. Ndipo dandaulo likadza lifufuzidwe mwachilungamo, losatayidwa chifukwa wodandaulidwayo ndi wotchuka, losakhulupiriridwa chifukwa chongomveka, ndipo ngati mwana wapwetekedwa lisabisidwe kwa oyang'anira malamulo a dziko. Chachitatu, ife makolo ndi ophunzira, tikafunsidwa, tinene chimene tidaona, osati chimene tidamva pa chitsime, ndipo tisaiwale kutchula zabwino zimene mphunzitsiyo adatichitira. Pakuti ambiri mwa akatekisi athu ayenda mitunda yaitali m'mapiri muno, dzuwa ndi mvula, popanda malipiro oyenera.

Ndipo mphunzitsi asayese kuti zimenezi zimuchotsera ulemu. Leo Kanner adamva madandaulo a makolo akadali ndi moyo, ndipo adapeza nthawi yoimirira pamaso pawo ndi kuwachotsera mlandu. Makalata a ana a Bettelheim adafika iye ali m'manda. Sadathe kuwayankha, sadathe kupepesa, sadathe kukonza kanthu. Amene adamutchinjiriza kuti asamve mawu a anawo adayesa kuti amuchitira ulemu, koma adamumana mwayi wolapa. Pamene atumwi adali kukangana za amene ali wamkulu pakati pawo, Ambuye adatenga mwana namuimika pakati. Ndipo Mthenga Wabwino sutiuza kuti mwanayo adali wanzeru, kapena kuti adalankhula kanthu. Tipemphe Mzimu Woyera kuti ife amene tiphunzitsa ana kumvera atipatse chaulere chakumva nafenso, ndipo Lamulungu likubwerali, polowa m'kalasi, tiyambe ndi kuyang'ana kumapeto kwa benchi.